Mbiri ya Nkhotakota isamaonedwe ndi diso limodzi

Pa 10 September 1863, David Livingstone adafika pa Kota Kota, pamene lero pali boma la Nkhotakota, n'kukhala pansi pa mkuyu waukulu kufupi ndi nyanja. Pamenepo ndipo adakumana ndi Jumbe, mkulu wa Aswahili ochita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, yemwe panthawiyo ankakhomitsa chombo choolotsera katundu wake kutsidya la nyanja.

Nkhani imeneyi ana amaiphunzira kusukulu, ndipo mlendo wofika pabomapo amaonetsedwa mtengo umene udapatsidwa dzina la mzunguyo, m'kati mwa mishoni ya Anglican pomwe pali chipatala cha St Anne's. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti gulu la Livingstone lidali ndi anthu awiri ojambula zithunzi, mng'ono wake Charles Livingstone ndi dotolo John Kirk. Onse awiri adali atanyamuka kubwerera kwawo mu May chaka chomwecho, kotero tsiku la pansi pa mkuyu lidadutsa popanda kamera. Zomwe dziko lidamva za tsikulo ndi zomwe adalemba mlendo. Zomwe adaona eni mudzi, asodzi, amayi otunga madzi ndi akapolo odikira chombo, sizidalembedwe ndipo sizidajambulidwe.

Vutoli silidathere mu 1863. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, Nkhotakota ndi matauni ena a dziko lino adajambulidwa ndi alendo, pa zolinga za alendo, ndipo zithunzi zambiri zidakasungidwa kwawo kwa alendowo. Makolo analibe chochita chifukwa kamera idali ya anthu ochepa. Koma lero foni yojambula ikupezeka pamsika uliwonse, kuyambira pa Benga, pa Linga mpaka pa Dwangwa. Zidzukulu zikadzasowa chithunzi cha momwe kwawo kudaliri, mlandu sudzakhalanso wa mlendo.

Zithunzi zamapasa

Kuti munthu amvetse mphamvu yomwe wojambula amakhala nayo, n'kofunika kudziwa mtundu wa zithunzi zomwe Charles Livingstone ankajambula. Zidali zithunzi zamapasa. Chinthu chimodzi chinkajambulidwa kawiri, kamera itasunthidwa pang'ono kapena pogwiritsa ntchito kamera ya maso awiri, ndipo zithunzi ziwirizo zinkamatidwa pakhadi limodzi, china kumanja china kumanzere. Khadilo linkaikidwa m'kachipangizo kotchedwa stereoscope, komwe kadali ndi magalasi awiri oyang'aniramo.

Nzeru yake idachokera ku maso a munthu. Maso awiri ndi otalikirana masentimita 6 kapena 7, ndipo lililonse limaona chinthu mosiyana pang'ono ndi linzake. Ubongo ukaphatikiza zomwe maso awiriwo aona, munthu amazindikira chomwe chili pafupi ndi chomwe chili patali. Mwana aliyense atha kuyesa: aimike chala patsogolo pa mphuno, atseke diso limodzi, kenako atsegule n'kutseka linalo. Chalacho chimaoneka ngati chikudumpha. Mu stereoscope, diso lamanja limaona chithunzi chamanja chokha, lamanzere chamanzere chokha, ndipo zinthu zimaoneka zotukuka ngati kuti munthu atha kuzikhudza.

Katswiri wa sayansi wa ku England, Charles Wheatstone, ndiye adafotokoza nzeruyi mu 1838, chaka chimodzi luso lojambula ndi kamera lisanalengezedwe. Mu 1849 David Brewster wa ku Scotland adakonza kabokosi kakang'ono koonera, ndipo kataonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha mu London mu 1851, Mfumukazi Victoria adachita nako chidwi. Mfumu ikakonda chinthu, anthu ake amachithamangira. Kampani ya London Stereoscopic Company idayamba mu 1854, ndipo pofika 1858 inkatsatsa mitundu ya zithunzi pafupifupi 100,000. Ku America, dotolo Oliver Wendell Holmes adakonza choonera chopepuka chogwira m'manja, chomwe chidafala kuyambira mu 1861, ndipo sadaletse aliyense kuchipanga n'kumagulitsa. Mtengo udatsika, mabanja wamba adayamba kugula.

Masiku amenewo kudalibe wayilesi, kanema ngakhale intaneti. Madzulo banja linkasonkhana pabalaza, n'kumapatsirana kachipangizoko monga momwe mabanja a lero amapatsirana foni. Mlembi wa mu ofesi yemwe sadatulukepo m'tauni yake ankatha kuona tchalitchi cha St Paul's mu London, cha Notre-Dame mu Paris, mathithi a Niagara, ndi manda a mafumu a ku Egypt omwe Francis Frith adayamba kujambula mu 1856. Kukhala ndi bokosi la makhadi pabalaza chidali chizindikiro choti banjalo ndi lozindikira.

Poyamba kamera inkafuna nthawi yaitali kuti igwire chithunzi, kotero chilichonse choyenda chinkazimiririka. Misewu ya m'mizinda inkaoneka ngati anthu onse asamuka, n'kutsala nyumba ndi zipilala zokha. Makamera a zithunzi zamapasa, pokhala ndi magalasi aang'ono ogwira msanga, ndiwo adali oyamba kuonetsa piringupiringu wa mumsewu. Mu 1859 George Washington Wilson adajambula msewu wa Princes Street mu Edinburgh, ndipo kampani ya Edward Anthony idatulutsa zithunzi za msewu wa Broadway mu New York, anthu ndi ngolo zili paulendo.

Malondawa adakula kwambiri. Pofika 1901 kampani ya Underwood & Underwood ya ku America inkasindikiza makhadi pafupifupi 25,000 patsiku, ndipo ogulitsa ake ankayenda khomo ndi khomo. Idatumiza ojambula ku nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, yomwe idamenyedwa kuyambira 1899 mpaka 1902. Kampani ina, Keystone View Company, yomwe idayamba mu 1892, inkagulitsa makhadi m'sukulu kuti ana aphunzirire za maiko.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wosankha chojambula adali wogulitsa, ndipo wogulitsa amasankha chomwe wogula akufuna. Mizinda ya ku Ulaya inkaonetsedwa ndi matchalitchi, milatho ndi nyumba zachifumu. Africa nthawi zambiri inkaonetsedwa ndi nyama zakutchire, mathithi ndi anthu oimikidwa pamzere opanda maina, ongotchulidwa mtundu wawo. Kumbuyo kwa makhadi ambiri kampani inkasindikiza mawu ouza woonayo tanthauzo la zomwe akuona. Popeza chithunzicho chinkaoneka ngati chamoyo, woona ankadzimva ngati wafikako yekha ndipo wadzionera ndi maso ake. Sankakumbuka kuti wina adamusankhira poima ndi poyang'ana.

Kamera pa Zambezi ndi pa Shire

Ulendo wa Livingstone wa pa Zambezi, womwe boma la Britain lidalipirira, udayamba mu 1858 n'kutha mu 1864. Udali umodzi mwa maulendo oyambirira a boma kulowa m'kati mwa Africa ndi munthu wopatsidwa ntchito yojambula ndi kamera. M'kalata ya malangizo, David adauza mng'ono wake kuti azijambula anthu oimira mitundu yosiyanasiyana kuti akatswiri akawaphunzire, komanso mitengo, mbewu, nyama ndi malo. Munthu wakuda adaikidwa pamndandanda umodzi ndi zomera, ngati chitsanzo cha mtundu wake osati ngati uje mwana wa uje.

Ntchitoyo sidali yamasewera. Njira yofala panthawiyo inkafuna galasi lopakidwa mankhwala, lomwe linkayenera kujambulidwa ndi kutsukidwa lisanaume. Wojambula ankayenda ndi tenti yamdima, mabotolo a mankhwala, magalasi osachedwa kusweka ndi madzi oyera. M'chigwa cha Zambezi ndi Shire mankhwala ankaonongeka ndi kutentha, ndipo malungo sankasiya munthu. Charles adabwerera kwawo ndi zithunzi zamapasa pafupifupi 40, ndipo mwa zonsezo chodziwika kuti chidatsala ndi chimodzi, cha mtengo wa mlambe.

Kirk, yemwe adalembedwa ntchito ngati dotolo ndi katswiri wa zomera, ankajambula mwa kufuna kwake, pogwiritsa ntchito mapepala opakidwa phula m'malo mwa galasi. Zithunzi zake zidapulumuka, ndipo zili m'gulu la zithunzi zakale kwambiri za chigawo chino cha Africa. Zimaonetsa mitengo, mitsinje, nyumba ndi sitima za paulendowo. Zikusungidwa ku National Library of Scotland mu mzinda wa Edinburgh. Mu September 1861 Kirk, Charles ndi David adalowa m'nyanja ya Malawi pa bwato lomwe lidanyamulidwa pamapewa podutsa mathithi a Shire, n'kutsata gombe la kumadzulo, komwe kuli Nkhotakota.

Kunena izi sikutanthauza kuti zomwe alendowa adaona n'zabodza kapena zopanda ntchito. Zomwe Livingstone adalemba za malonda a akapolo panyanjayi zidagwedeza mitima ku Britain. Kirk yemweyo, atakhala kazembe ku Zanzibar, ndiye adakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano la 1873 lomwe lidatseka msika wa akapolo pachilumbapo. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko kadagwira ntchito. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Livingstone adakhala pa Kota Kota masiku owerengeka. Eni malo akhalapo mibadwomibadwo.

Zomwe diso limodzi silidaone

Nkhotakota ili ndi mbiri yomwe matauni ochepa m'dziko muno angafanane nayo. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adafika m'zaka za m'ma 1840 n'kukhazikika m'dziko la Achewa a mfumu Malengachanzi. Kuchokera pamenepo, zombo zinkaolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya la kummawa, komwe ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Anthu zikwizikwi adachoka pagombeli osadzabwereranso. Ulamuliro wa a Jumbe womwewo ndiwo udazika Chisilamu m'derali n'kukulitsa ulimi wa mpunga, womwe mpaka lero ukudyetsa ndi kuphunzitsa ana ambiri.

Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wachitatu m'dzina la Britain. Jumbeyo atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake sadakhalitse, adachotsedwa ndi atsamunda n'kutumizidwa ku Zanzibar. Chaka cha 1894 chomwecho amishoni a UMCA adatsegula mishoni pa Kota Kota, ndipo wansembe Arthur Fraser Sim, yemwe adayamba ntchitoyo, adamwalirira pomwepo mu 1895. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress Party chidachitira msonkhano wake waukulu m'tauni yomweyi, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adasankhidwa kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Nawonso msonkhanowo uli ndi mtengo wake womwe anthu amaloza.

Mayina onsewa ndi a akuluakulu. Koma chinthu chachikulu chomwe Nkhotakota idachita chilibe chikwangwani. Zidzukulu za ogulitsa akapolo, za ogulitsidwa, za Achewa, Ayao, Atonga ndi Aswahili, zikukhala mudzi umodzi, kukwatirana, kugulitsana mpunga ndi usipa, kuikirana maliro. Mzikiti ndi tchalitchi zayang'anizana kwa zaka zoposa 100. Mlendo wa masiku atatu sangajambule zimenezi, chifukwa sizichitika tsiku limodzi. Zimapezeka m'zithunzi za ukwati, za chinkhoswe, za sadaka, za ubatizo ndi za Eid, zomwe zili m'masutikesi a mabanja.

Zithunzi zomwe amishoni ndi atsamunda adajambula zili kutali ndi anthu omwe adajambulidwa. Zolemba ndi zithunzi za UMCA, yomwe idaphatikizana ndi bungwe lina mu 1965 n'kukhala USPG, zikusungidwa ku Bodleian Library mu Oxford. Zithunzi zina za Nyasaland zili ku laibulale ya yunivesite ya Cambridge. M'dziko muno, zithunzi zakale zimapezeka ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Mabungwewa ayenera kuyamikidwa, chifukwa akadapanda kusamala, chiswe chikadamaliza zonse. Komabe mwana wa sukulu wa kwa Mwadzama kapena kwa Kanyenda sangakwere basi tsiku lathunthu kuti akaone momwe kwawo kudaliri. Wophunzira wa ku Oxford ali pafupi ndi zithunzi za amishoni a pa Kota Kota kuposa mwana wobadwira pa St Anne's.

Mu 2011 boma la Malawi lidapereka ku UNESCO njira za akapolo ndi malo omwe Livingstone adadutsa, kuphatikizapo Nkhotakota, kuti ziikidwe pa mndandanda woyembekezera wa malo ofunika padziko lonse. Ganizoli ndi labwino. Koma malo sangalemekezedwe ndi dziko lonse pamene eni ake sakuwadziwa bwino, ndipo sangasungidwe popanda umboni wa momwe adaliri ndi momwe akusinthira.

Mtengo nawonso sukhala muyaya. Ku Chitambo m'dziko la Zambia, mtima wa Livingstone udakwiriridwa pansi pa mtengo mu 1873, ndipo omutsatira adazokota dzina lake pakhungwa. Pofika 1899 mtengowo udali ukuola, udadulidwa, ndipo chigawo cholembedwacho chidatumizidwa ku Royal Geographical Society mu London. Mikuyu ya pa Linga ndi yokalamba. Zotsalira za mzikiti ndi manda a a Jumbe zikukumana ndi mvula chaka ndi chaka. Nyanja nayo siikhala malo amodzi: mu 2024 madzi adakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndipo chaka chomwecho madzi osefukira adasamutsa anthu zikwizikwi kudera la Dwangwa. Chomwe sichidajambulidwe chisanagwe sichidzaonekanso.

Chuma cha m'sutikesi

Diso lachiwiri lilipo kale, kungoti likuchita khungu anthu akuona. Kuyambira zaka za m'ma 1960 mpaka foni zitafala, pamsika uliwonse padali wojambula. Ena adali ndi situdiyo ya nsalu yojambulidwa maluwa kumbuyo, ena ankayenda panjinga kamera ili m'khosi, kutolera ndalama ya chikole n'kudikira kuti filimu idzaze asanakatsukitse kutauni. Banja linkavala zovala za Khirisimasi, bambo n'kunyamula wayilesi, mnyamata n'kuima pambali pa njinga yatsopano. Obwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare ankajambulitsa atavala suti, kuti akumudzi aone kuti ulendo sudali wachabe.

Zithunzi zimenezi n'zosiyana ndi za pamakhadi a ku Ulaya pa chinthu chimodzi chachikulu: wojambulidwa ndiye ankasankha chovala, poima ndi choti aonetse, ndipo ankalipira yekha. Kumbuyo kwa anthuwo kumaoneka sitolo zomwe zidagwa, mitengo yomwe idadulidwa, gombe lomwe lidamira ndi mabasi omwe adasiya kuyenda. Umenewu ndi umboni weniweni wa mbiri ya tauni.

N'zomvetsa chisoni kuti chumachi chikutha mwakachetechete. Chinyontho cha kunyanja chimamatitsa zithunzi, mphemvu ndi chiswe zimadya, denga likadontha mitundu imasuluka. Mwini nyumba akamwalira, achibale amalimbirana malata, njinga ndi mipando, koma chimbale cha zithunzi chimasiyidwa kuti ana aziseweretsa. Choopsa kwambiri n'chakuti zithunzi zambiri zilibe mawu kumbuyo. Gogo yemwe amadziwa kuti woima kumanzereyo ndi ndani akatsikira kuli chete, chithunzicho chimasanduka cha anthu osadziwika, chimodzimodzi makhadi aja omwe ankangotchula mtundu wa munthu.

Zithunzi za m'foni nazo zili pangozi yoposa. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memory card imafa, ndipo ikadzaza mwini wake amafufuta zakale kuti alandire mavidiyo a pa WhatsApp. Mbadwo uno ukujambula kwambiri kuposa mibadwo yonse yam'mbuyo, koma utha kudzasiya zochepa kuposa agogo omwe adajambulitsa katatu moyo wawo wonse.

Zoyenera kuchita

Ntchito yoyamba ndi ya banja, ndipo siifuna thandizo lochokera kunja. Loweruka limodzi madzulo, ana ndi makolo atulutse zithunzi zonse n'kukhala pamkeka ndi munthu wamkulu wa pabanjapo. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse alembe ndi pensulo dzina la aliyense, malo, chaka ndi chochitika. Bolopeni ndi yosayenera chifukwa inki imalowerera n'kuononga nkhope. Akatero azijambulenso ndi foni pamalo owala koma opanda dzuwa lachindunji, n'kutumizira abale awiri kapena atatu okhala kwina, kuti nyumba imodzi ikapsa kapena kukokoloka, zithunzi zisathere pomwepo. Zoyambirirazo zisungidwe pouma, patali ndi khoma la chinyontho. Pa zithunzi za m'foni, banja lizisankha zochepa zofunika chaka chilichonse n'kukatsukitsa papepala.

Ntchito yachiwiri ndi ya achinyamata. M'malo mojambula nkhope zawo zokha, atembenuze kamera ione tauni: msika tsiku la msika, asodzi akukoka chilimira, usipa uli pathandala, amayi akupuntha mpunga, zombo za pa Chia, akasupe otentha a Mawira, depoti ya basi, mzikiti ndi tchalitchi. Zinthu zooneka zachabe lero ndizo zidzakhale zosowa pakatha zaka 50. Koma asabwereze cholakwa cha ojambula akale. Munthu asajambulidwe asanapemphedwe, ndipo akalola, dzina lake lilembedwe. Kujambula munthu wovutika kapena wa pangozi n'kumumwaza pa Facebook si kusunga mbiri, n'kumuchotsa ulemu.

Ntchito yachitatu ndi ya sukulu. Mphunzitsi wa mbiri kapena wa sayansi atha kuphunzitsa zithunzi zamapasa ndi foni imodzi. Wophunzira ajambule mkuyu, asunthe foni masentimita 6 kapena 7 cham'mbali osaipendeka, ajambulenso. Zithunzi ziwirizo zikaikidwa pamodzi, khadi n'kuimikidwa pakati kuti diso lililonse lione chake, ambiri amatha kuona mtengowo utatukuka. Phunziro limodzi lotere limaphunzitsa momwe maso amagwirira ntchito, mbiri ya kamera ndi mbiri ya kwawo. Ophunzira omwewo atha kutumidwa kukafunsa agogo za malo amodzi, n'kubwera ndi chithunzi ndi nkhani yake.

Ntchito yachinayi ndi ya khonsolo ya boma la Nkhotakota ndi nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala. Kupempha makope a zithunzi zakale ku Zomba, ku Mandala, ku Oxford ndi ku Edinburgh sikufuna sitima yapamadzi monga kale. Malaibulale ambiri adajambula kale zina mwa zithunzi zawo pakompyuta, ndipo pempho lochokera ku boma kapena ku dayosizi ya Anglican lingamveke msanga kuposa la munthu payekha. Makopewo asindikizidwe, aikidwe m'chipinda chimodzi pabomapo, mawu ofotokozera akhale m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pambali pake paikidwe makope a zithunzi zomwe mabanja apereka mwa kufuna kwawo, mayina awo atalembedwa. Mafumu, mashehe ndi ansembe akhale nawo pokonza mawuwo, chifukwa nkhani ya ukapolo imakhudza mabanja omwe alipo lero ndipo iyenera kukambidwa moona komanso mosanyoza aliyense. Mutu umodzi susenza denga.

Ena anganene kuti anthu akusowa feteleza, mankhwala ndi fizi, ndiye zithunzi n'zachiyani. Funsoli ndi lomveka, ndipo palibe akunena kuti ndalama ya mankhwala ipite ku mafelemu. Koma zambiri mwa ntchitozi zimafuna pensulo, foni ndi nthawi. Komanso phindu lake limaoneka. Kuyambira pomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, ndipo njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kumeneko mu 2016 ndi 2017, boma lino lili ndi chokopa alendo chachikulu. Mlendo wopita kukaona njovu amadutsa pabomapo. Akangoonetsedwa mtengo ndi chikwangwani, amajambula n'kukwera galimoto pasanathe theka la ola. Atapeza chipinda cha zithunzi ndi wachinyamata wodziwa kufotokoza, angagone, adye chambo, agule mpunga. Zithunzi zolembedwa chaka zimathandizanso pa nkhani zina: zimaonetsa pomwe madzi adafika chaka chakutichakuti, chomwe n'chofunika kwa aliyense wofuna kumanga m'mbali mwa nyanja.

Makampani a makhadi aja adazimiririka pamene kanema ndi magazini a zithunzi zidatenga malo. Koma zomwe adajambula zidakalipo chifukwa wina adazisunga n'kuzilemba. Magalasi oposa 35,000 a kampani ya George Washington Wilson ali ku yunivesite ya Aberdeen, ndipo anthu a ku Edinburgh atha kuona msewu wawo momwe udaliri mu 1859. Mwayi womwewo ukuyenera mwana yemwe adzabadwire pa Linga mu 2080. Agogo odziwa mayina adakalipo, zithunzi zidakali m'masutikesi, mikuyu idakali chiimire. Ntchitoyi ndi ya chaka chino, chifukwa madzi akatayika saoleka.